Nyali Zinayi za Apongozi

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinagwira ntchito yosamala kabwalo ka ndege ka hotela ina kumtunda kwa Nkopola. Ntchito yake inali kutchetcha udzu, kupaka laimu miyala ya m'mbali ndi kulimbana ndi mbuzi za eni. Magetsi panalibe, poti tindege tonse tinkatera masanasana.

Tsiku lina m'Januwale, cha m'ma faifi, kunada bii ndi mvula. Abwana anandipeza m'kashedi, foni ili kukhutu. Kandege ka anthu asanu kanali m'njira, kumbuyo mvula itatseka, mafuta obwererera osakwana. Woyendetsa anapempha nyali m'mbali zonse ziwiri, ndi zina zinayi zowala kwambiri pamzere pomwe bwalo layambira. Akaona zinayizo, adziwa kuti matayala agunde atangozipitirira. Kuseri kwa mzerewo, kumbali yochokera ndege, kunali ngalande yofika m'chiuno, tsikulo itadzaza madzi, ndipo patsidya pake panali munda wa chimanga.

Nyali zoterozo kwathu kuno zili ndi asodzi a usipa. Ndinapalasa njinga mpaka kudooko, ndipo woyamba kukumana naye anali apongozi anga, bambo a mkazi wanga. Iwo anali siginala, uja amakhala m'bwato ndi nyali kuitana usipa, ukasonkhana n'kumapalasa pang'onopang'ono kuulondolera ku khoka. Chikwatirireni mwana wawo ndinali ndisanawayang'ane m'maso. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire, ndipo mawu athu ankadzera mwa mkazi wanga. Tsikulo ndinanjuta pamatope n'kufotokoza ndikuyang'ana zala zawo za kumapazi.

Sanafunse zambiri. Anaitana anyamata awo m'Chiyao, ndipo posakhalitsa nyali za batire zinali pabwalo. Zinayi zija anakana kupatsa munthu. Anazimangirira pansungwi imodzi n'kuima nazo okha pamzere, ine ndikuthamanga uku ndi uku kuyala zinazo.

Kenaka tinamva kulira kwa injini, chapansipansi, kuchokera kumapiri. Ndege yosaoneka. Ndinacheuka. Nyali zinayi zija zinali kuyenda. Madala aja anali atasenza nsungwi paphewa, atawoloka ngalande pakamlatho ka matabwa, akupita kukaichingamira ndege. Ankayenda mwaulemu, osagwedeza nyali, monga achitira panyanja. Woyendetsa akanakhulupirira nyalizo, akanatera m'chimanga n'kukathera m'ngalande.

Ndinathamanga. Ndili m'njira ndinkasakasaka mawu oyenera, koma sindinawapeze.

"Bambo, pepani, nyalizo zibwerere pamzere."

"Zisiyeni, apongozi," anayankha osatembenuka. "Chinthu chosokera amachitengera pafupi. Ndiikoka bwinobwino mpaka ifike."

"Si usipa uwu, bambo. Pomwe pali nyali m'pomwe aponde."

"Zaka makumi atatu ndili ndi nyali ine."

Kuwala kwa ndege kunatulukira m'mitambo, pamwamba pa mlambe. Manyazi anandithera pomwepo. Ndinagwira nsungwi ija n'kukoka. Iwo anakakamira, ine ndinakoka ndi mphamvu zonse, mpaka anaterereka n'kugwa chagada m'matope, kofia uko. Sindinawadzutse. Ndinawoloka kamlatho, n'kuika nsungwi pamzere, n'kudziponya chafufumimba pambali. Nyali imodzi inali itazima. Ndinapemphera kuti zitatu zikwane.

Ndege inadutsa pamutu panga ndi mphepo yonunkha mafuta. Ndinamva matayala akugunda, madzi akuthovoka, kenaka injini ikutsika mawu cha kumapeto kwa bwalo. Kunena zoona mantha anga tsopano sanali a ndege ayi.

Woyendetsayo anali mayi wamng'ono thupi. Atatsitsa anthu ake anayenda ndi tochi kudzaona pomwe matayala anagunda, n'kuwerenga mapazi kufika pangalande. Apongozi anali atawoloka, mkanjo uli matope okhaokha, kofia ili m'manja. Poona kuti ndiwo aakulu pagulupo, mayiyo anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Zikomo, bambo. Nyali zanu zija ndinaziona zikusuntha, ndiye ndinasokonezeka. Zitaima m'pomwe ndinatsika."

Apongozi anayang'ana ngalande nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira kwa ine, ndipo kwa nthawi yoyamba maso athu anakumana.

"Athokozeni awa," anatero. "Akanandilemekeza, bwenzi tikukuvuulani m'madzimo."