Kamera Yogwada Nayo

Amuna anga anali ojambula zithunzi. Ankapalasa njinga kuchokera kwathu kufupi ndi Palabana mpaka ku Kasisi ndi m'midzi ya kwa Nkomeshya, kamera ili m'chikwama kumsana. Ankajambula maukwati, ana obatizidwa, ngakhale mlimi amene wagula ng'ombe ya mkaka ndipo akufuna kuima pambali pake. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma pa ntchito imeneyo ndinalipo. Ndinkawanyamulira chikwama, kuwongola makolala a akwati, kupukuta ana kumaso. Akatopa ankandipatsa kamera kuti ndijambuleko. Sankandiyamikira ndi pakamwa, koma zithunzi zanga sankazifufuta.

Atamwalira, abale awo pogawana katundu anatenga kamera ija pamodzi ndi njinga. Sindinakangane nawo. Nyumba ndi munda anandisiyira.

Mwana wanga wamkazi ndi nesi ku Lusaka. Maliro atazizira anayamba kundiumiriza kuti ndisamukire kwake. Ndinali nditakhalako kumeneko, ndipo ndinkakudziwa: mpanda wa njerwa, geti yotseka, munthu kukhala pampando tsiku lonse kudikira kuti eni nyumba aweruke. Sindinkafuna.

"Amama, muzakhala mweka mpaka liti? Munda weka siungakusungeni," anatero tsiku lina atabwera kudzandiona.

"Nili ndi ntchito," ndinamuyankha.

"Ntchito yotani?"

"Ya atate ako."

Anaseka, koma ataona kuti ine sindikuseka anasiya. Tinagwirizana chonchi: ndiyese kamodzi. Anthu akakondwa n'kundiitananso, iye andigulira kamera ndipo za ku Lusaka sadzazitchulanso. Zikakanika, tikangokolola chimanga ndidzatseka nyumba n'kumutsatira.

Poyesera panapezeka msanga. Mnzanga wa m'chigwirizano cha amayi kutchalitchi ankakwatitsa mwana wake, ndipo kicheni pate, phwando la amayi lolangiza mkwatibwi ndi kumupatsa ziwiya, inali Loweruka. Anandiuza kuti ndibwere ndidzajambule. Kamera nayonso inapezeka. Amuna anga anali ndi mnzawo wojambula maukwati ku Lusaka, amene ndimamutcha alamu ngakhale si mbale wathu. Iwo anali atayamba za mavidiyo ndipo ankagulitsa makamera awo awiri. Atamva nkhani yanga anati abweretsa onse awiri, ndiwagwiritse ntchito Loweruka, ndisankhe imodzi Lamlungu.

Anafika Lachisanu masana pamodzi ndi mwana wanga. Anayala kansalu patebulo n'kuika makamera aja. Sanali ngati ya amuna anga ija, yonenepa, ya linunda pamwamba. Awa anali athyathyathya pamwamba, ngati njerwa yaing'ono, ndipo kawindo koikapo diso kanali pakona, osati pakati.

"Ikani diso lakumanja apa, mulamu. Lakumanzere musatseke," anatero alamu.

Ndinachita. Ndi diso limodzi ndinkaona mwana wanga ali m'kamzere koyera kamakona anayi, ndi linalo ndinkaona nyumba yonse, khomo, ndi nkhuku imene inkafuna kulowa. Nkhope yanga sinabisike kuseri kwa kamera. Ndinafuula ndi chimwemwe, nkhuku n'kuthawa.

Imodzi inali yakuda yonse, yolemerako, ndipo diso lake, limene ojambula amati lenzi, linkachotsedwa n'kuikapo lina. Inali ndi malenzi awiri, yaifupi ndi yaitali yokoka munthu ali patali. Inzake inali yaing'ono, yotuwa ngati siliva pamwamba, ndipo lenzi yake inali imodzi yomweyo, yosachoka. Yakuda ukadina inkalira kuti khetye. Yaing'ono inkangoti tsi, mpaka ndinkakayika ngati yajambula.

"Zithunzi zake n'zokongola mofanana," anafotokoza alamu. "Yakuda iyi mungaime kumbuyo kwa tchalitchi n'kutenga mphete ikulowa chala ku guwa. Koma posintha lenzi muzisamala fumbi, likalowa m'kati lisiya madontho pa chithunzi chilichonse. Yaing'ono iyi ilibe mavuto ayo, koma siikoka. Mukafuna munthu aoneke pafupi, miyendo yanu ndiyo iyenda."

Mwana wanga anali atasankha kale. "Yakuda, amama. Ioneka ya ntchito. Ka aka anthu azaganiza kuti n'kachidole."

Inenso mtima unali pa yakuda. Amuna anga ankajambula ndi lenzi yaitali, ataima chapatali, ndipo ine ndinkadziwa kuti kujambula n'komweko. Madzulo onse a tsiku limenelo ndinazungulira pabwalo ndi makamera awiri m'khosi. Ndinajambula mbuzi, mitsuko ya madzi, mayi woyandikana nane akuwaza nkhuni. Ndinaiwala kuphika. Mwana wanga ndiye anakoleza mbaula, akudandaula kuti wabwera kudzagwira ntchito kwa amake.

Loweruka kunatentha. Kuseri kwa nyumba ya mnzanga anamanga msasa waukulu n'kuuzinga ndi mpanda wa udzu. M'kati anayala mphasa, ndipo amayi anadzaza, onse mu zitenge zofanana. Oimba ng'oma, amayi okhaokha, anakhala pakona. Pa mapwando otere amuna anga ankaima pakhomo la mpanda. Ankajambula mphatso ndi alendo, koma ng'oma zikatentha amayi ankawathamangitsa, iwo n'kukakhala pansi pa mtengo kudikira kuitanidwa.

Ine ndinafika n'kuima pakhomo pomwepo. Sindinaganize n'komwe. Ndinakweza yakuda ija ndi lenzi yake yaitali, yaing'ono ikulendewera pachifuwa, chikwama ndampatsa mwana wanga. Ndinajambula miphika younjikidwa, mabeseni, mbaula yatsopano yomangidwa riboni. Zinkatuluka bwino ndithu, ndipo ndinkati nkhani yatha, ndasankha.

Amene ankatsogolera mwambo anali alangizi a mkwatibwi, mayi wamfupi wa mawu aakulu, wochokera kum'mawa. Anandiona, n'kuimitsa ng'oma ndi dzanja.

"Imwe a kamera! Mwaima pakhomo monga mwamuna bwanji? Muli ndi ndevu?"

Msasa wonse unaseka.

"Nili kujambula, alangizi," ndinayankha.

"Mujambula misana yathu? Lowani! Manje tapeza wojambula wosafunika kum'pirikitsa, ndiye aima panja. Ndipo muno sitiimirira pamutu pa mkwatibwi. Gwadani monga anzanu."

Ndinalowa chogwada, ndikupepesa miyendo ya anthu, mpaka ndinafika kutsogolo m'mphepete mwa mphasa. Pomwepo ng'oma zinasintha, nthungululu zinalira, ndipo mkwatibwi anatulukira. Ankakwawa pang'onopang'ono atafunditsidwa chitenge chachikulu, wina wom'perekeza ali naye m'kati momwemo. Ndinakweza yakuda ija. M'kawindo munadzaza maluwa a pa chitenge basi. Ndinasuntha, ndinaona khutu la munthu. Ndinasunthanso, ndinaona chigongono. Ndinali pafupi kwambiri, ndipo kumbuyo kwanga kunali maondo a anthu, kopanda kobwerera.

Ndinatembenuka kufuna lenzi yaifupi. Chikwama chinali ndi mwana wanga kutsidya la msasa, ndipo pakati pathu amayi anali atayamba kuvina, fumbi lili koboo. Ngakhale akanandiponyera, sindikanatsegula kamera ya eni ake mu fumbi limenelo ndi manja a thukuta. Mkwatibwi anali akuyandikira. Ndinakankhira yakuda kumsana n'kugwira yaing'ono.

Zonse zinalowa. Chitenge chonse chikukwawa, alangizi atawerama pambali pake akuimba, manja a amayi akuomba kumbuyo. Ndinadina. Palibe anamva. Ndinakwawa nawo pambali, bondo ndi bondo, ndikudina. Ndinkaseka ndekha.

Mkwatibwi atakhazikidwa pamphasa, mkwati analoledwa kulowa pamodzi ndi alongo ake kuti adzam'vundukule. Anali mnyamata wamtali, thukuta lili kamukamu, akuopa amayi onsewo. Anagwada n'kuyamba kupinda chitenge kuchokera kumapazi, pang'onopang'ono monga anamuuzira, alangizi akum'nyoza kuti manja akunjenjemera ngati wagwira waya wa magetsi. Ine ndinali pafupi moti ndikanatha kugwira phewa lake. Mkwatibwi amayenera kuzyolika, osaseka, osayang'ana munthu. Koma chitenge chitafika pamutu, wina aliyense asanaone, mtsikana uja anakweza maso kamodzi kokha n'kuyang'ana mwamuna wake, milomo ikufuna kumwetulira. Ndinadina. Nsalu itachoka anali atazyolika kale, waulemu ngati sanachitepo kanthu.

Mkwati atatulutsidwa, ng'oma zinatentha zenizeni. Aliyense wopereka mphatso ankamangidwa chitenge m'chiuno kuti avine kaye. Ndinajambula apongozi a mkwatibwi akuvina ndi chipande m'manja, ndi mayi wina wonenepa amene anagwetsa beseni ndi chiuno. Kenaka panafika magule ena ophunzitsa mkwatibwi za m'nyumba. Diso langa lakumanzere, lomwe linali panja, linaona alangizi akundiyang'ana n'kugwedeza mutu pang'ono. Ndinatsitsa kamera n'kuiika pamiyendo. Iwo anavomereza ndi chibwano. Zimenezo sizijambulidwa, ndipo ine ndinalangizidwapo, ndikudziwa.

Sindinakhale nthawi yaitali. Alangizi anabwera ndi chitenge n'kundimanga m'chiuno.

"A kamera nawonso avine! Aganiza kuti abwera kudzadya maso chabe?"

Chichokereni amuna anga ndinali ndisanavine. Ndinaimirira, yakuda ija inandimenya pamsana. Ndinaivula n'kuipereka kwa mwana wanga, amene tsopano anali atafika pafupi. Yaing'ono ndinaisiya m'khosi, ndinaigwira ndi dzanja limodzi, n'kuvina. Amayi anakuwa. Ndinajambula nkhope zawo zikundikuwiza ndili pakati pa bwalo. Nditayang'ana mwana wanga, anali atagwira kamera ya eni ake ngati khanda, akuseka, misozi ili m'masaya.

Phwando litatha ndinakhala pakhonde ndi mnzanga uja, mayi wa mkwatibwi, n'kumuonetsa zithunzi pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera. Titafika pa chija cha m'kati mwa chitenge anandigwira dzanja.

"Bwererani. Ichi! Mwana uyu anayang'ana? Alangizi, bwerani muone wophunzira wanu!"

Alangizi anabwera, anayang'anitsitsa, n'kuwomba m'manja. "Kamwana kopanda mwambo! Nipangireni changa, chachikulu, nikapachike kunyumba."

Kamera inayenda m'manja ambiri, ine mtima uli m'mwamba kuti angaigwetse. Aliyense ankafuna kudziona akuvina. Ndisanachoke, mayi wina wa ku Kasisi anandikokera pambali n'kunena kuti mwana wake ali ndi kicheni pate mwezi wamawa, ndipo amuna ake anakana kale wojambula wamwamuna. Alangizi nawo anati amayenda m'mapwando ambiri nyengo yokolola ikatha, ndipo akufuna tiziyendera limodzi. Mwana wanga anamva zonsezo.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi alamu anabwera. Ndinali nditapukuta makamera onse awiri n'kuwaika patebulo. Anayang'ana zithunzi, za yakuda poyamba, kenaka za yaing'ono. Pa china anaima nthawi yaitali.

"Izi ine siningajambule," anatero. "Sanganilole kufika apa. Nanga mwasankha iti?"

"Yaing'ono."

"Muganize bwino, mulamu. Maukwati a m'tchalitchi azakuvutani. Abusa ena salola munthu kuyandikira ku guwa, ndipo iyi siizakuthandizani muli kumbuyo."

Ankanena zoona, ndipo ndinali nditaganizapo m'mawa muja ndili pabenchi, ndikuyeza ndi maso kutalika kwa tchalitchi chathu. Ndinayang'ana yakuda ija. Inali yokongola, ndipo amuna anga akanaikonda.

"Za m'tchalitchi azijambula amuna, alipo ambiri," ndinatero. "Ine nizalowa kumene iwo salowa."

Tonse tinatembenukira kwa mwana wanga, chifukwa wogula anali iye, ndipo mawu omaliza pa zosamukira ku Lusaka anali ake. Anasisita lamba wa kamera yakuda ndi chala.

"Maondo azakupwetekani, amama," anatero.

"Ayamba kale. Nizazolowera."

Anapumira m'mwamba. Kenaka ananyamula yakuda ija, anaiika yekha m'chikwama cha alamu pamodzi ndi malenzi ake, n'kutseka zipi. Yaing'ono anaikankhira kwa ine.

"Atate aang'ono," anatero kwa alamu, "muwaonjezereko batire ina. Kuno malaiti ni a sola, ndipo kukachita mitambo sazakhala ndi potchajira. Nimvera kuti ali ndi ntchito ku Kasisi mwezi wamawa."