Mabowo Asanu ndi Awiri a Bambo Levulo

A Levulo sanabadwe ndi dzina limenelo. Anawapatsa ndi amisiri anzawo chifukwa cha levulo yachikasu yoyezera kuwongoka kwa makoma imene ankayenda nayo paliponse, ngakhale ku ukwati. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, zikhatho zokhakhala ngati njerwa yootcha. Akalowa m'nyumba ya munthu, moni ankapereka ndi pakamwa pokha, maso ali pakhoma. Anamanga nyumba za anthu kwawo zaka makumi atatu, ndipo m'zaka zonsezo palibe anawamvapo akunena kuti alakwitsa. Khoma likapendekeka, wolakwa unali mchenga. Denga likadontha, inali mvula yobwera chammbali.

Kunja anapita imvi zitayamba kale. Mwana wawo mmodzi yekhayo, amene aliyense ankangomutchula kuti Nesi, anapeza ntchito pachipatala m'dziko lina lozizira lakutali, ndipo atakhazikika anaitana makolo ake. Bambo ananyamuka ndi levulo yawo. Mayi anakanitsitsa.

"Ine ndisiye nyumba yanga kukagona m'kachipinda ka lendi, ndizikamva oyandikana nawo akutsokomola?" anatero mayi a Nesi. "Pitani. Mukapeza khomo lanulanu mudzandiuze."

Panapita zaka zisanu ndi chimodzi a Levulo akuyala matailosi m'nyumba za eni, akudya okha, akuchapa okha masokosi. Ankawasowa akazi awo koopsa, koma pafoni ankangofunsa ngati denga la bafa likadali bwino. Kenaka iwo ndi Nesi anagula nyumba yakale, yomalizira pa msewu wokwera chitunda, imene anthu a komweko ankailambalala.

Nyumbayo inali ndi zaka zoposa zana. Pansi panali pa matabwa, masitepe ankalira ukapondapo, ndipo pakhoma panali mapepala a maluwa omatidwa pamwamba pa anzake mpaka kanayi. A Levulo ataika levulo pawindo, kathovu ka m'kati kanathawira kumapeto n'kubisala. Ataika pansi pakhitchini, kanathawira mbali inayo.

"Amene anamanga nyumba iyi anali ataledzera," anauza Nesi, "ndipo anamwalira mowa usanawachoke."

Koma mtima wawo unali mbee. Anaimba foni tsiku lomwelo kunena kuti khomo lapezeka.

"Chabwino, ndibwera kudzaona mukamaliza kukonza," anayankha mayi a Nesi. "Koma tikiti ndigula yopita ndi kubwerera. Ndikapanda kukhutira, ndidzakwera ndege yomweyo."

A Levulo ankawadziwa akazi awo. Mayiwo sanali munthu woopseza chabe, chifukwa anachokapo kale kamodzi.

Zinachitika Nesi ali wakhanda, m'nyumba yawo yoyamba, imene a Levulo anamanga ndi manja awo. M'munsi mwa khoma la kuchipinda anasiya bowo loti adzadutsitse paipi, n'kuliiwala. Tsiku lina masana mayi a Nesi akulowa kukatenga thewera, anapeza njoka itadzikulunga pansi pa kabedi ka mwana. A Levulo atabwera ku ntchito n'kumva nkhaniyo, anati palibe zoti bowo, mayiyo ndiye anasiya chitseko chotsegula. M'mawa mwake mayi anabereka mwana n'kupita kwawo, ndipo anakhalako miyezi itatu. A Levulo anatseka bowolo mwakachetechete, anatuma akuluakulu kukapepesa, mayi n'kubwerera. Phunziro limene a Levulo anatolapo linali limodzi basi: mkazi wanga ndi bowo sagona nyumba imodzi.

Ndiye taganizani mmene mtima unawagundira tsiku limene ankasadza zitsamba kuzungulira nyumba yakaleyo, n'kupeza bowo m'munsi mwa khoma. Linali lalikulu ngati njerwa, lotchingidwa ndi kachitsulo ka maenjemaenje kodyeka ndi dzimbiri. Anayenda pang'ono, anapeza lina. Atazungulira nyumba yonse anawerenga asanu ndi awiri. Loweruka lomwelo anakanda simenti yamphamvu, mchenga wochepa, n'kugwada ndi mpeni wawo womangira.

Khomo loyandikana nalo kunkakhala bambo wina wamtali, wowonda, amene anapuma pantchito ya mipopi. Ankakonda kutsamira mpanda ndi kagalu kake kukhwapa. Anaonerera a Levulo akutseka bowo loyamba ndi lachiwiri, kenaka anatsokomola.

"Achimwene, amenewo musatseke. Nyumba imeneyi imapumira mmenemo."

A Levulo sanacheuke n'komwe. "Nyumba ilibe mapapo," anatero m'chinenero cha komweko, chimene ankachiyankhula ngati akusenza.

"Nanga mukutsekeranji?"

"Njoka."

"Njoka?" Wamipopi anaseka mpaka kagalu kanauwa. "Ine ndabadwira pa msewu uno, ndakalambira pano. Njoka sindinaionepo."

"Simunaione chifukwa ili m'bowo," anayankha a Levulo, akusalaza simenti.

Wamipopi anapukusa mutu n'kulowa m'nyumba mwake. A Levulo anamumvera chisoni: munthu wa mapaipi kufuna kuphunzitsa mmisiri za khoma! Anatseka onse asanu ndi awiri, anasalaza bwinobwino moti sungadziwe kuti panali kanthu. Kenaka analowa m'kati. Anakanganula mapepala a maluwa aja, anapaka pulasitala watsopano, anamata kamng'alu kalikonse ka pawindo, n'kupaka penti wonyezimira woti ntchentche iterereke. Ntchito inali yokongola, zimenezo tisawanamizire. Zithunzi zinkapita kwa mayi a Nesi sabata iliyonse, ndipo yankho linkabwera lofanana: "Ndaona."

Kenaka dzinja la kumeneko linafika, la mvula yosadziwa kukata. Poyamba kunabwera kafungo, konga ka thumba lonyowa loiwalika m'ngodya. A Levulo anati ndi penti watsopano. M'makona munayamba madontho akuda, anati penti wa masiku ano ndi wachinyengo. Nsapato zawo zabwino, zimene ankasungira tsiku lokalandira akazi awo, zinachita chuku mpaka kubiriwira. Pamenepo anakalipira Nesi kuti amayanika zovala m'nyumba, chonsecho mwanayo ankangobwera Lamlungu lokha.

Kutatsala miyezi iwiri kuti mayi abwere, a Levulo ndi Nesi ankalowetsa bedi latsopano. Ali pakati pa balaza, thabwa linangoti phwa! Mwendo wa a Levulo unamira mpaka m'bondo. Atauzula n'kuunika ndi tochi, anaona mitengo yogwira pansi itanyowa chee, itakutidwa ndi chuku choyera ngati thonje. Anatosa ndi chala, chala n'kulowa.

Nesi sanaseke, ngakhale kuti milomo inkamunjenjemera. "Ababa," anatero, "mukudziwa chifuwa cha amayi. Mphumu ija ndi fungo ili, sangathe masiku atatu muno."

Akulu anati safunsa anadya phula. A Levulo anali atadya, ndipo linawakakamira m'mano. Komabe sanapite kwa wamipopi kukafunsa, ayi. Anapita kukabwereka tchizulo wogumulira simenti, ngakhale kuti m'bokosi mwawo munali atatu. Wamipopi anawapatsa, anavala jekete, n'kuwatsatira osaitanidwa. Anasuzumira m'dzenje lija kanthawi.

"Mphepo imalowera mbali iyi, imadutsa pansi pa matabwa, n'kutulukira uko," anatero, akuloza ndi chala chachitali. "Ndiyo imaumitsa mitengoyi. Yakhala ikutero zaka zana."

"Mitengoyi inali yowola kale," anatero a Levulo.

"Mwina," anayankha wamipopi. Anali munthu wachifundo.

Kutseka mabowo kunawatengera tsiku limodzi, koma kutsegula kunadya masiku anayi, chifukwa simenti ya a Levulo sigumuka wamba. Nyundo iliyonse ankamenya akutukwana luso lawo lomwe. Anasintha mitengo yowola, anayala matabwa atsopano, anakwecha makoma, n'kuika tizitsulo tatsopano pamabowo. Mphepo inayamba kuyenda pansi pa nyumba. Patapita masabata angapo fungo linatha, makona anauma, ndipo Nesi atanunkhiza chipinda chilichonse ngati mmene amachitira kuchipatala anati amayi akhoza kugonamo.

Koma mabowo anali pompo, asanu ndi awiri, akuyang'ana aliyense wodutsa. A Levulo anapita kogulitsa maluwa n'kubwera ndi miphika isanu ndi iwiri ikuluikulu. Uliwonse anauika patsogolo pa bowo, motalikira chikhatho chimodzi kuti mphepo izidutsa.

"Ababa, bwanji osangowauza amayi?" anafunsa Nesi.

"Ndiwauze chiyani? Chachitika n'chiyani? Munthu sangadzale maluwa pakhomo pake?"

Mayi a Nesi anafika atavala majuzi awiri ndi jekete, kachikwama atakapanira kukhwapa. Anali atachepa thupi kuposa mmene a Levulo ankawakumbukira, ndipo a Levulo anasowa poika manja, mpaka anangolanda sutikesi. Mayi anayendera nyumba yonse mosafulumira. Anagogoda makoma, anatsegula makabati, anayang'ana pansi pa bedi.

"Masitepe akulira," anatero.

"Ndi matabwa a kuno."

"Tebulo la kukhitchini likugwedera."

"Ndi pansi. Anamanga ndi anthu oledzera."

Zina sananene. A Levulo anadya chakudya chamadzulo osachimva kukoma.

M'mawa mwake, a Levulo akuthira tiyi, anamva kulira kwa tsache panja. Pa zinthu zonse zimene anakonzekera, anaiwala chimodzi: mkazi wawo sasesa molambalala chinthu. Anaima pawindo kapu ili m'manja. Anaona mayi akukoka mphika woyamba kuti asese kuseri kwake. Tsache linaima. Mayi anawerama, anayang'anitsitsa, anaweramuka. Anakoka wachiwiri. Kenaka anakhota pangodya ya nyumba, ndipo a Levulo anangomva miphika ikukhukhuluzika pa simenti umodziumodzi. Anawerenga mumtima mpaka isanu ndi iwiri. Wamipopi, amene anali pampanda ndi kagalu kake, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi chochita m'nyumba.

Mayi a Nesi analowa, anatsamiritsa tsache pakhoma, anasamba m'manja. Anatenga kachikwama kaja, anatulutsamo pepala la tikiti yobwerera, analitambasula patebulo, n'kukhala pansi.

"Bambo a Nesi, panja pali mabowo asanu ndi awiri."

Mayankho anali atafola kale pakamwa pa a Levulo. Akanatha kunena kuti ndi lamulo la dziko lino, kapena kuti anakakamiza ndi bambo wa mipopi uja, kapenanso kuti iwo sanawaone. Koma maso awo anali pa pepala lija, ndipo anakumbukira zaka zisanu ndi chimodzi za mbale imodzi ndi supuni imodzi. Anachita mantha enieni, oposa a tsiku limene anagwa padenga.

"Ndinawatseka onse," anatero. "Ndinkafuna musawapeze. Anandichenjeza, sindinamve. Nyumba inanyowa, pansi panawola, ndinamira mwendo pabalaza apo. Ndiye ndinatsegulanso ndekha. Ndinalakwitsa, mayi a Nesi. Ndi miphika ija ndinalakwitsanso."

Mayi anangowayang'ana ngati munthu amene akudikira chenji.

"Ndi lija lakale lija," anapitiriza a Levulo, akuyang'ana m'kapu, "la kuchipinda. Ndinasiyira paipi, n'kuiwala. Chitseko inu munatseka."

"Ndikudziwa," anatero mayi a Nesi. "Ndinaliona tsiku lomwelo. Inu zaka zonsezi mumayesa ndinathawa njoka? Njoka ija ndinapha ndekha ndi mpini wa khasu, inu musanabwere n'komwe. Ndinathawa munthu wondiuza kuti maso anga ndi abodza. Munatuma anthu kudzapepesa, koma mawu amene mwanenawa ndawadikira zaka makumi atatu ndi ziwiri."

Anatsamira patebulo kuti adzithirire tiyi. Tebulo linagwedera, tiyi n'kutayikira m'sosa. Mayi anatsonya. Anatenga pepala la tikiti lija, analipinda pakati, analipindanso, n'kulipindanso kachitatu. Anagwada pang'onopang'ono, bondo likulira ngati masitepe aja, n'kulilowetsa pansi pa mwendo wa tebulo. Anagwedeza tebulo, silinasunthe.

"Katengeni levulo yanu ija."

A Levulo anakaitenga n'kuiika patebulo pakati pa makapu awiriwo. Kathovu kanapita uku, kanabwerera, n'kuima pakati penipeni. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenaka sanathenso kukaona bwino, ndipo anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndi nthunzi ya tiyiyu," anatero.

Mayi a Nesi anangowasiya. Munthu anali atavomera kale zitatu m'mawa umodzi, chachinayi chikanamupweteka.