Kompyuta Imene Inkaitana Amama

Ndikukumbukira chaka chimene achimwene anga a Yotamu anabwerera kwathu ku Lundazi kuchokera ku Lusaka. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ine ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Anatsika basi ataonda moti lamba wawo anali atamuboola mabowo atsopano. Katundu wawo anali chikwama chimodzi cha zovala ndi makatoni awiri omanga ndi malegeni, ndipo m'makatonimo munali kompyuta. Amama atawaona sanafunse kanthu. Masiku amenewo matenda aja sitinkawatchula dzina, tinkangoti munthu wabwera kudzapuma.

Atate anali atamwalira ndili wamng'ono, choncho pakhomo tinakhala atatu. Nyumba yathu inali pa boma, ndipo magetsi tinali nawo, ngakhale ankabwera ndi kuchoka mmene afunira. Kompyuta ija inalanda tebulo lositirapo zovala pabalaza. Achimwene sankaizimitsa. Magetsi akathima inkathima nawo, akabwera inkadzuka yokha popanda woikhudza, n'kuyamba kulemba timalemba toyera pagalasi lakuda, kudzifufuza ngati yavulala penapake. Poyamba zimenezi zinkandichititsa nthumanzi, koma ndinazolowera.

Inalibe zithunzi zokongola zimene ndinkayembekezera. Achimwene anati anachotsamo pulogalamu imene inabwera nayo n'kuikamo ina yotchedwa Linakisi, imene anthu a m'maiko osiyanasiyana anailemba mothandizana n'kuisiya poyera kuti aliyense aitenge ulere, aiwerenge m'kati, aisinthe ngati akufuna. Mnzawo pa zimenezi anali a Mvula, bambo wa ku Kasungu amene ankagulitsa zitenje pamsika wa Lundazi. Iwowa ankabwera ndi madisiketi atawakulunga m'nsalu zamalonda, ndipo Loweruka lililonse awiriwa ankakangana pamaso pa galasi lija mpaka tiyi kuzizira. Anavutika milungu yambiri kuti kompyutayo itulutse mawu pa sipika. Tsiku limene inalira koyamba anakuwa ngati timu yawo yagoletsa, amama mpaka kuthamanga kuchokera kuseri ali ndi thovu la sopo m'manja.

Ine ndinalowa m'zimenezi chifukwa manja a achimwene anayamba kunjenjemera. Ankagona pamphasa pafupi ndi tebulo n'kumandiuza zoti ndilembe, ine n'kumabaya mabatani ndi chala chimodzi. Anandipatsa ngakhale mawu achinsinsi olowera ngati mwini nyumba, amene amaloledwa kusintha chilichonse m'kati. Tsiku lina tikukonza mzere umene unkasokoneza, ndinafuna kuufufuta. Anadzuka n'kundigwira pamkono, dzanja lawo lili lotentha.

“Tiwonge, osafufuta mzele. Ika kampanda kutsogolo kwake. Kompyuta ikaona kampanda imadutsa chabe, siiwelenga. Koma mzele ulipo. Mailo, olo tsiku lina, ukaufuna uzaupeza.”

Kampanda kanali kachizindikiro ka timizere tiwiri toimirira ndi tiwiri topingasa. Dzinalo anakapatsa okha. M'mafayilo awo munali timipanda tambirimbiri, ndipo ndinkawaseka kuti ndi munthu wosataya kanthu ngati amama ndi mabotolo awo akale.

Amama anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ankayenera kumwa kapiritsi folo koloko masana. Chibwerereni achimwene, anayamba kuiwala. Mutu wawo wonse unali pa phala, pa zochapa, pa mwana wawo. Ndiye tsiku lililonse nthawi ikakwana, achimwene ankaitana ali pamphasa paja, kutchula nthawi mmene timaitchulira kuno kwathu: “Amama, ni sikisitini awazi. Mwamwa mankhwala yanu?”

“Wodwala ndiwe, koma ulondela ine,” ankatero amama, uku akupita kukatunga madzi omwera.

Matenda a achimwene atakula anawatengera kuchipatala. Amama ankagona komweko pansi pa bedi, ine ndinapita kukakhala kwa azakhali kutsidya kwa msika, nyumba yathu n'kuikhoma loko. M'masiku amenewo mayi wina woyandikana nafe anandiimitsa pamjigo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza kuti masana amamva a Yotamu akulankhula m'nyumba yotseka. Ndinamuyankha mwamwano kuti achimwene ali kuchipatala ndipo ali moyo. Koma pobwerera chidebe chinkandigwedezeka pamutu, madzi n'kumanditsikira m'khosi.

Achimwene anamwalira kusanathe mwezi. Nthawi yonse ya maliro magetsi kunalibe. Mipando abale anaitulutsa panja, tebulo lija analikankhira pakona n'kufunditsa kompyuta chitenje, osaganiza zozula chingwe kukhoma. Tsiku lotsatira titaika maliro, azimayi anali akadali m'nyumba, atakhala pamphasa mozungulira amama. Magetsi anabwera masana, koma pakati pa nyimbo palibe anamva kulira kwa kafani ka m'kompyuta pansi pa chitenje. Nyimbo ina itangotha, m'nyumba muli zii, mawu anatuluka pakona paja.

“Amama, ni sikisitini awazi. Mwamwa mankhwala yanu?”

Anali mawu a achimwene enieni, otopa, ndi kakupuma kaja pakati. Azimayi anapondana pakhomo, wina n'kusiya mpango ndi nsapato. Amama okha sanasunthe. Anatembenukira kuchitenje kuja n'kuyankha bwinobwino ngati masiku onse, “Sindinamwe, mwanawanga.” Kenako analira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda.

Amalume, mlongo wawo wa amama amene anabwera kuchokera ku Chikomeni, analowa n'kuzula chingwe. Anali mlimi wa fodya, munthu wosakonda phokoso. Anati chinthucho chagwira mawu a malemu, ndipo munthu amene akuitanabe pakhomo ndiye kuti sanagone. Anati achiponya m'dzenje la chimbudzi chakale pamodzi ndi mphasa ya wodwala. Ndinagwada n'kuwapempha. Ndinati achimwene anandisiyira ine, ndipo ndingathe kuichititsa kuti isalankhulenso. Kunena zoona sindinkadziwa ngati ndingathe, koma pa zinthu zonse za m'nyumba muja, ndi chokhacho chimene tinachigwira tonse awiri.

“Pa Chiwelu timeta,” anatero amalume, kutanthauza Loweruka. “Uzachiyatsa pamaso pa onse. Chikakamba, chipita m'dzenje. Chikakhala chete, n'chako.”

A Mvula anali asanabwerere ku Kasungu, ndipo anavomera kundithandiza. Tinkayatsa kompyuta m'mawa, folo koloko isanayandikire n'kuizimitsa. Mawu aja sanativute kuwapeza. Anali m'kafayilo kotchedwa amama, ndipo pambali pake kompyuta inaonetsa tsiku limene kanapangidwa. Linali tsiku lija achimwene anapita kuchipatala, m'mawa, ine ndili kusukulu. Ndiye kuti anadzikoka kuchoka pamphasa, n'kukhala pampando, n'kujambula mawuwo okha ndi manja onjenjemera aja, akudziwa kuti sadzabwereranso kudzaitana.

“Fufutani kameneka, mwana wanga, nkhani yatha,” anatero a Mvula, maso ali ofiira.

Ndinakana. Tinalibe kaseti, tinalibe china chilichonse chokhala ndi mawu awo. Kufufuta kunali kuwaika m'manda kachiwiri, ndipo ulendo uno ndi chala changa.

“Ndiye tingodula waya wa sipika m'kati. Amalume anuwo sadziwa.”

Ndinawafunsa ngati tikatero isiya kuitana. Anakanda mutu n'kunena kuti ayi, nthawi ikakwana idzaitanabe, kungoti sipadzakhala womva. Zimenezi zinandiopsa kuposa mawu enieniwo. Ndinaganiza za achimwene akufunsa tsiku ndi tsiku m'kabokosi kotseka, chaka ndi chaka, popanda wowayankha. Ndinati ayi, tipeze chimene chimawadzutsa.

Apa a Mvula nawonso anali mlendo. Ankangokumbuka kuti a Yotamu anawauzapo za kapulogalamu kena kamene kamakhala maso nthawi zonse, kakuyang'ana wotchi, n'kumagwira ntchito zimene wakatuma pa nthawi yake. Dzina anali ataliiwala. Tinatsegula mabuku a malangizo amene amakhala m'kati mwa kompyuta momwemo, onse m'Chingerezi chouma gwa, ine ndili ndi dikishonale yakusukulu pamiyendo. Tinalowa m'malo olakwika kambirimbiri. Tsiku lina magetsi anathima tili pakati, ndipo atabwera kompyuta inakana kudzuka bwino, n'kutiuza kuti tikonze tokha zimene zasokonekera. Ndinalira ndithu. A Mvula anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale iwo thukuta linali kamukamu, ndipo tinayankha mafunso ake limodzilimodzi mpaka inadzuka.

Lachisanu m'mawa tinakapeza. Dzina lake linali kuroni, ndipo m'fayilo yake munali mzere umodzi wokha wa achimwene: ziro, sikisitini, tinyenyezi titatu, kenako lamulo loimba kafayilo ka amama. Ndinayang'ana m'malangizo kuti tinyenyezi tikutanthauza chiyani. Tinkatanthauza tsiku lililonse, mwezi uliwonse, popanda polekezera. Ndinapita kumayambiriro kwa mzerewo n'kuika kampanda.

Loweruka tinameta m'mawa, ndipo mphepo inkandizizira m'mutu. Nthawi itayandikira, abale anadzaza pabalaza, ena kusuzumira pawindo, okonzeka kuthawa. Ndinalumikiza chingwe. Timalemba toyera tinathamanga pagalasi, kenako tinaima. Amalume anavula wotchi yawo n'kuigwira m'manja. Folo koloko inakwana, inadutsa, ndipo chimene chinkamveka ndi kafani kokha. Anadikirabe pang'ono, kenako anapuma mpweya waukulu n'kunena motsitsa, “Wagona mphwanga. Wagona tsopano.” Anthu anayamba kutuluka akulankhula mopepukidwa, wina mpaka kuseka.

Ine ndinasangalala, sindibisa. Ndinatembenuka kuti ndione amama. Anali atakhala pansi pafupi ndi chitseko, mutu wometa atauweramitsira kumbali ya sipika, ngati munthu amene akumvetsera mapazi panjira. Pamene tonse tinkapempherera kuti isalankhule, iwo ankadikira. Ndipo ndinakumbukira kuti kabotolo ka mapiritsi kanali pawindo pomwe kanali chiyambire maliro, palibe anakakhudza.

Ndinasendera pafupi n'kugwada, ndipo mawu anatuluka aang'ono, osafanana n'komwe ndi aja.

“Amama, ni sikisitini awazi. Mwamwa mankhwala yanu?”

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. “Sindinamwe,” anatero. Ndinapita kukatunga madzi.

Kompyuta ija ndinakhala nayo zaka zambiri, ndipo ndi imene inandiphunzitsa ntchito imene ndimadyera lero. Mzere uja sindinaufufute, ndipo kampanda sindinakachotsepo. Mawuwo ndinawakopera kwina makinawo asanafe, ndipo ndili nawo, ngakhale kuwamvetsera sindilimba mtima kawirikawiri.

Ndili mwana ndinkaona ngati ndinapambana amalume. Tsopano ndikudziwa kuti iwo ndi ine tinkafuna zinthu ziwiri zimene zonse zinali zoona: iwo ankafuna kuti wakufa apume, ine ndinkafuna kuti asatayike. Ndikudziwanso kuti chimene achimwene anasiya m'kabokosi muja sichinali mzukwa. Inali ntchito imene analibe woisiyira, chifukwa ankandiona kuti ndine mwana, ndiye anaisiyira makina. Tsiku limene ndinaika kampanda, ntchitoyo inakhala yanga. Ndinawafunsa amama funso limenelo tsiku lililonse, pakhomo, kenako pafoni nditasamukira kutali, ndipo nthawi zina ankandiyankha kuti ndikuwalondera ngati mkulu wanga.

Amama anatisiya zaka zingapo zapitazo. Koma mpaka lero folo koloko ikakwana, kaya ndili pantchito kaya m'minibasi, ndimadzidzimuka n'kugwira foni, ndipo palibe woti ndimufunse.