Tsiku limene ndinabereka apongozi

Likulu litasamuka ku Zomba, ife makalaliki ang'onoang'ono anatiunjika ku Area 4. Mabwana anapita ku Area 12 kokhala ndi maluwa ndi alonda. Ife anatipatsa nyumba zoyandikana ndi chinyumba chamalata chosungiramo mankhwala opopera thonje ndi fodya. Dzuwa likaswa mtengo, fungo lake linkamveka ngakhale m'madzi akumwa.

Akuluakulu a pamalopo anabwera kudzatiphunzitsa. Anati moto ukabuka, mlonda adzamenya chitsulo cha njanji chomwe chinkalendewera pamtengo. Tikamva, tinyowetse nsalu, titseke mphuno ndi pakamwa, tithawire kumene mphepo ikuchokera, tikakumane pabwalo la mpira. Wamphamvu anyamule wofooka. Tonse tinavomera ndi mitu, ine ndi mtima wonse, poti ndinkaganiza za ana ndi nkhalamba za eni.

Nthawi imeneyo apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, anali atabwera kuchokera kumudzi kudzathandiza chikuta. Anali odwala mphumu. Kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi saonana maso ndi maso, mukakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. M'kanyumba kaboma kaja tchire munalibe, ndiye tinkazembana m'makona. Moni tinkapatsana khoma lili pakati.

Chitsulo chinalira Loweruka lina masana, mkazi wanga atapita ndi khanda kuchipatala. Utsi unkakwawa pansi kulunjika kwathu, woyabwa m'maso, wowawa kukhosi. Ndinavula malaya n'kuwaviika mundowa, kenaka ndinaima pakona ya nyumba. Apongozi anali kuseri.

"Amayi, tiyeni tithawe!" ndinauza khoma.

"Tsogolani, bambo. Ine ndidzera njira inayi," anayankha uku akutsokomola.

Njira inayo inali yopita kumene kunali utsi. Ndinapsa mtima, koma apongozi sakalipiridwa. Ndili chiimire, chifuwa chija chinasiya kumveka, ndipo mantha anandikankhira kuseri. Ndinawapeza atagwada pampopi, akupuma ngati likhweru. Atangoona mapazi anga anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso, mpweya ukuwathera. Paja amati manyazi anapha lambe.

Ndinawamanga malaya onyowa aja kumphuno. Manja angawa anagwira mutu wa apongozi. Kenaka ndinanyonyomala, ndinawakokera kumsana n'kuyamba kuthamanga. Ndili pakati pa msewu ndi pamene ndinakumbukira kuti kumtundaku ndinali ndilibe kanthu. Tsaya lawo linali pamsana panga penipeni, pathukuta. Sindinamvepo manyazi otero chibadwire, ndipo miyendo inkathamanga yokha.

Pabwalo panali patadzaza. Mnzanga wina wa kuofesi, wa kumpoto, anaomba m'manja.

"Mwachita zachamuna, achimwene!" anakuwa, anthu onse n'kucheuka.

Ndikanakhala ndi mpweya ndikanamutukwana. Amayi ogulitsa tomato, a m'midzi yoyandikana ndi kwathu, ankatidziwa bwino. Anagwira pakamwa n'kuyang'ana kumbali.

"Kalanga ine! Si mkamwini wawo uyu?" ananong'ona mmodzi, monong'ona mwake mwa pamsika.

Apongozi ndinawatsitsa pansi pa mtengo n'kukakhala chapatali, manja nditapingasa pachifuwa. Amayi aja anawakupiza ndi zitenje mpaka mpweya unabwerera. Moto atauzimitsa, anthu akubalalika, ndinamva mawu a apongozi kumbuyo kwanga. Aka kanali koyamba kundilankhula popanda khoma, ngakhale nkhope inali italoza kwina.

"Bambo, mwanditola kumanda, zikomo. Koma kumudzi asakamve. Ine ndi munthu wamkulu."

Mkazi wanga atamva anaseka mpaka misozi, kenaka anayamba kulira. Apongozi sanadikire kuti chikuta chithe. M'mawa mwake anamanga katundu wawo n'kukwera basi. Anakhala ndi moyo zaka zambiri, adzukulu tinkawatumizira kumudzi, koma pakhomo panga sanapondeponso.