Denga Limene Mng'ono Wanga Anabisa

Mboni zanga ndi zitatu: mkazi wanga, amene sanandigwirepo ndikunama, mmisiri amene anamanga nyumbayo, ndi mkulu wa mpingo wathu, amene tsikulo anali ndi chimfine koma maso ankaona bwinobwino. Onse ali moyo, kawafunseni.

Mng'ono wanga anayamba kukonda zojambula tili ana ku Bundabunda. Anatola kabuku ka zithunzi kopanda chikuto, kamene theka lake linali litakulungidwira zitumbuwa. Munali anthu ouluka ndi mizinda ya magalasi. Ine ndinkayang'ana zibakera, iye ankayang'ana nyumba za kumbuyo kwa zibakerazo. Ngakhale pa filimu, chinjoka chikulavulira moto mzinda wonse, ankandikodola n'kuti, "Bakulu, onani khonde ija."

Atayamba ntchito ya boma ku Lusaka anagula puloti ku Silverest n'kumanga. Ndisabise, nyumbayo ndi yokongola. Makoma oyera, owongoka ngati anawadula ndi lezala, ndipo windo la kutsogolo ndi lalikulu kuposa chitseko cha tchalitchi. Dzuwa likamalowa galasilo limayaka mpaka maminibasi amachepetsa liwiro. Ndinaona ndekha kondakitala ataiwala kuitana anthu, kukamwa kuli yasa. Malata alipo, koma anabisika kuseri kwa khoma lokwera, monga amamangira masiku ano.

Mng'ono wangayo analumbira kuti sagonamo amayi asanagonemo. Katundu anali atalowa kale, mkazi wake atapachika makatani, ndipo tinakawatenga amayi kumudzi.

Amayi atatsika galimoto anayang'ana m'mwamba, kenako anakhala pa chidebe panja.

"Mwana wanga, usachite manyazi," anatero. "Ngati zinakuvuta panjira, kamba."

"Sizinavute, amai. Denga iliko, yabisika chabe."

"Wabisa denga? Unaba?"

Mng'ono wanga anawalowetsa m'nyumba kuti aone siling'i. Amayi anaigogoda ndi tsache n'kunena kuti chimenecho n'chipepala, ndipo iwo sanabereke ana kuti adzagone pansi pa chipepala. Anatulukanso n'kuimba foni kumudzi. Mumvetse, dzuwa lisanapendeke malume anali atazula kale malata a pa khitchini yawo, akufunafuna galimoto yowabweretsera kuno. Mng'ono wanga anangoima pageti, misozi ili lengelenge.

Kenako anabweretsa makwerero a mmisiri. Amayi, amene mawondo awo sawalola kukwera basi popanda anthu awiri owakankha, anamanga chitenje n'kukwera ngati mtsikana wothyola mango. Ife pansi tinagwira makwerero, mkulu wa mpingo akupemphera.

Amayi anafika kumwambako. Anapeza malata atagona pafupifupi chafulati, khoma litazungulira mbali zonse, dzuwa likuswa, mphepo osafika. Mutu wawo unasuzumira.

"Iwe, kuno nkhuku zifika?"

"Sizifika, amai."

"Nanga mbuzi?"

"Mbuzi ikwera bwanji?"

"Usaniyankhe. Nipase saka yanga ya chibwabwa, na mphasa."

Anafutsa masamba a maunguwo pa mbaula n'kukawayanika okha pamwamba pa nyumba ya mwana wawo. Madzulo tinawafunsa ngati tiwabweze kumudzi. Anatiyang'ana ngati tapenga.

"Nisiye ndiyo zanga pa denga ya anthu? Nionetseni pogona."