Khadi Lotuwa pa Chigafa

Tsiku limenelo kunatentha monga kumatenthera mu Novembala mvula isanagwe. Nyenje zinkalira m'mitengo mpaka makutu kuwawa, ndipo kutali kunkamveka mabingu ouma, osabweretsa ndi dontho lomwe. Ngolo zinkagubuduka kupita ku depoti ya feteleza ku Chamama zilibe kanthu, zina zikubwerako zilibe kanthu chimodzimodzi. Ine ndinkapalasa njinga, kamera ili pachifuwa, nditaikulunga m'thaulo kuopa fumbi.

Ntchito yojambula ndinaiyamba nditakula kale. Kamerayo anandipatsa ndi alamu anga atabwera kuchokera ku Joni. Inali yachikale, ya filimu, yolemera ngati njerwa. Nthawi imeneyo n'kuti akazi anga, Esinati, atayamba kudwala. Lamulungu lina titabwera kutchalitchi, iwo akadali mu bulauzi yoyera ya amayi a mpingo, ndinawakhazika pakhonde n'kuwajambula kangapo. Anaseka, dzanja lili pakamwa.

"Mukungowononga filimu, bambo a Tiyamike. Dikirani ndinenepeko kaye."

Sananenepenso. Anatisiya nthawi yokolola. Chithunzi china cha iwo kunalibe, kupatula ka pa chiphaso chovotera kamene kananyowa n'kufufutika. Nkhope yawo inatsala m'kati mwa kamera, pa filimu imene inali isanafike ndi pakati pomwe. Mwana wathu Tiyamike, amene anakwatiwa ku Mtunthama, ankandifunsa akabwera: "Ababa, zithunzi za amayi zija?" Ndinkayankha kuti filimu sinathe. Zinali zoona, koma sindinkafulumira kuimaliza. Filimuyo ili m'kamera, ndinkamva ngati Esinati akadali panjira, akubwera.

Fodya sindikanatha kulima ndekha. Amene analimapo amadziwa kuti kusoka ndi kusankha masamba kumafuna manja anayi. Tsiku lina kutchalitchi analengeza za maphunziro a ntchito zamanja a miyezi yowerengeka m'tauni ya Kasungu, ndipo kujambula kunalipo. Ndinalembetsa. M'kalasi ndinali wamkulu ndekha, moti anzanga ankangonditchula kuti madala.

Mphunzitsi wathu anali a Mkandawire, ochokera kumpoto, osachulutsa mawu. Anatiphunzitsa kuti kamera ili ndi zitseko ziwiri: shata, imene imatseguka n'kutseka m'kanthawi kochepa, ndi kabowo ka mu lenzi kamene umakakulitsa kapena kukachepetsa. Kuwala kukalowa kochuluka, chithunzi chimayera, kukachepa, chimada. Atadziwa kuti m'kamera yanga muli filimu ya miyezi yambiri, anapukusa mutu.

"Filimu si chimanga choti musunge m'nkhokwe, a Chisale. Kutentha kumaidya pang'onopang'ono. Imalizeni, mukaitsukitse."

Ntchito yomaliza ya maphunzirowo inali ya masewero. Aliyense ankayenera kubweretsa zithunzi za mitundu iwiri: osewera ali pa liwiro, ndi nkhope zawo ataima phee. Anzanga anathamangira ku mpira. Ine ndinali nditamva kuti kupitirira Chamama, pa esiteti ina ya fodya, kuli anyamata ochita karate m'chigafa, shedi yaudzu yoyanikamo fodya, imene miyezi imeneyo imakhala yopanda kanthu. Ndinaganiza zomalizira filimu ya Esinati pa iwowo, kenako ndipite nayo ku Lilongwe kukatsukitsa zonse pamodzi.

Wowaphunzitsa anali Lameki, tenanti wochokera ku Phalombe, amene onse ankamutchula kuti Masita. Ophunzira ake anali amuna a zaka za m'ma twente, matenanti ndi ana a matenanti. Nditakamuona koyamba anandilandira bwino. "Bwerani, madala. Bola mudzatipatseko zithunzi, tikaonetse kwathu kuti kuno sitingosoka fodya."

Koma pakati pa ulendo woyambawo ndi tsiku lojambula panachitika nkhani. Ku depoti kunabuka ndewu pa mzere wa makuponi, ndipo bambo wina anathyoka mkono. Mphekesera zinayenda kuti mavenda analemba ganyu anyamata a karate kuti azikankha anthu n'kugwira malo akutsogolo, ndiponso kuti apolisi akuwafunafuna. Matenanti sankalandira makuponi, poti mayina awo sanali m'midzi yathu, choncho chala chinkaloza iwo msanga. Nkhaniyo ndinaimva, koma sindinaiyike pamtima. Mutu wanga unali pa shata ndi pa lenzi.

Nditafika pa chigafa tsiku lojambulalo ndinawapeza atavala zoyera zosokedwa kuchokera ku matumba a ufa, malamba ali m'chiuno. M'chigafa munali mdima wosakwanira filimu yanga, ndiye ndinawapempha kuti atulukire chakukhomo, kumene dzuwa linkalowa chopendekera. Kujambula theche kuli ndi njira yake. Sulondola mwendo ndi kamera, chifukwa umakusiya. Umayamba wakonza fokasi, kuti lenzi ione bwino pamalo pamene phazi lidzafike, ndipo ine ndinaika chigoba cha chimanga pansi ngati chizindikiro. Shata umaiika pa liwiro lalikulu. Ndiye umadina munthuyo akangoyamba kukuwa, osati atakuwa kale, chifukwa ukadikira kuona theche ndi maso, ndiye kuti lapita. Ndinagwada m'fumbi kuti miyendo ioneke yaitali. Lameki analumpha, fumbi linakwera, kuwala kunagwira m'mphepete mwa nsalu yake. Ndinadziwa kuti chimenecho chalowa bwino.

"Madala, mwandigwira ndili m'mwamba kapena ndikutera?" anafunsa.

"M'mwamba."

"Mwamva inu? Osati Fanuwelo, amene amalumpha ngati thumba la feteleza."

Onse anaseka, ndipo Fanuweloyo, wamtali, wa chipsera pa chikope, anasekanso.

Kenako tinafika pa nkhope. Ndinamangirira nsalu yoyera pa mizati iwiri ya chigafa. Apa ndiyenera kufotokoza za khadi lotuwa. M'kamera muli kamuyeso ka kuwala, ndipo kamapusitsika ndi zoyera. Munthu wakuda akavala zoyera n'kuima kutsogolo kwa nsalu yoyera, kamuyesoko kamaganiza kuti kwawala kwambiri, ndipo nkhope imatuluka bii, maso okha. Choncho umamupatsa kakhadi kotuwa ngati phulusa, agwire pansi pa chibwano, iwe uyeze kuwala pa khadipo. A Mkandawire ankafuna kuti chithunzi choyamba cha munthu aliyense chikhale ndi khadilo, kenako china cha kutsogolo ndi china cha m'mbali, kuti aone ngati tamvetsa mmene kuwala kumagwera pa tsaya. Ankafunanso kuti tidziwe dzina la munthu ndi kwawo.

Woyamba anaima. Ndinalankhula monga tinkachitira m'kalasi.

"Gwirani khadili pansi pa chibwano. Musaseke. Yang'anani kuno. Tsopano tembenukirani kumbali. Dzina lanu ndani? Kwanu n'kuti?"

Wachiwiri anali Fanuwelo. Ndinamupatsa khadi, koma sanalikweze. Analiyang'ana, n'kuyang'ana nsalu yoyera ija, n'kuyang'ana ine. Kuseka kunali kutachoka pankhope pake.

"Masita," anatero motsitsa, "izi ndinaziwonapo. Kupolisi amajambula chonchi. Kabolodi pachifuwa, kutsogolo, kumbali. Kenako dzina ndi mudzi."

Kunja nyenje zinkalirabe.

Lameki anandiyandikira. "Madala, nenani zoona. Wakutumani ndani?"

Ndinayamba kufotokoza za kamuyeso ka kuwala, za zoyera, za a Mkandawire. Ndimalankhula pang'onopang'ono chibadwire, ndipo kwa munthu wamantha, wolankhula pang'onopang'ono amaoneka ngati akupeka bodza. Wina anafuula kuti, "Za ku depoti zija izi!" Wina anati, "Mwezi wonse osabwera, lero abwera apolisi atayamba kusaka?" Sindinaone amene anandimenya. Ndinangomva kupweteka m'nthiti, msana wanga n'kugunda mzati. Lamba wa kamera anadutsa pamutu panga.

Nditakhala pansi m'fumbi, ndinaona kamera ili m'manja mwa Fanuwelo.

"Tengani kamerayo," ndinatero. "Iphwanyeni lenzi ngati mukufuna. Koma chonde, musatsegule kumbuyo."

"Mwamva?" anatero Fanuwelo. "Zili kumbuyoko."

Anatuluka nayo padzuwa. Anakokakoka mpaka anapeza kachitsulo kobwezera filimu, n'kukakoka m'mwamba. Chitseko cha kumbuyo chinatseguka ndi kaphokoso kakang'ono, kamene ndimakamvabe mpaka lero. Anasolola filimu yonse, yaitali ngati njoka, n'kuikweza kumwamba kuti aone nkhope zawo.

Filimu yosatsuka sioneka kanthu. Imangokhala yotuwa, yosalala. Anaiyendetsa m'zala kuchokera kumayambiriro mpaka kumapeto.

"Mulibe kanthu umu!" anatero modabwa.

"Munali akazi anga," ndinayankha.

Ndinawauza zonse ndili pansi pomwepo: khonde, bulauzi yoyera, maliro, ndi mwana amene akudikira ku Mtunthama. Lameki anatola khadi lotuwa lija, analitembenuza, anaona kuti kulibe nambala kapena chidindo. Fanuwelo anayamba kukulunga filimuyo mofulumira n'kuibisa m'malaya mwake, ngati mthunzi ungabweze zimene dzuwa latenga. Ndinatambasula dzanja, anandipatsa. Njinga sindinathe kupalasa chifukwa cha nthiti. Ndinaikankha mpaka kunyumba.

Ngakhale ndinkadziwa, ndinapitabe nayo ku Lilongwe. Ndinkati mwina kachigawo kena kanabisika. Wotsuka zithunzi anatuluka nayo m'chipinda chake ili yakuda bii kuyambira uku mpaka uku.

"Yapsa yonse, bambo. Anatsegula ndani?"

Ndinaitenga n'kubwerera kwathu.

Chovuta koposa chinali kuuza Tiyamike. Anakhala pa mkeka osalira kwa kanthawi, kenako analira monga analirira tsiku la maliro. Atatonthola anaimirira.

"Ababa, tiyeni kupolisi. Mayina mukuwadziwa, chigafa mukuchidziwa. Akumenyani, ndipo apha amayi kachiwiri."

Mkamwini wanga, mwamuna wake, anati apita nane. Sindinawatsutse pomwepo. Ndinati ndiganize kaye. Masiku otsatira ndinkagona chammbali chifukwa cha nthiti, ndikupemphera, ndipo mapemphero ena anali osayenera kuwalemba pano. Mkwiyo ndinali nawo. Koma ndinkadziwanso chimene chikanachitika. Apolisi ankafuna anyamata a karate pa nkhani ya ku depoti, imene sindikudziwa mpaka lero ngati anaichita kapena ayi. Ndikanangotchula chigafa chija, akanatengedwa onse, wondimenya ndi wosandimenya, nthawi yowokera fodya itayandikira. Tenanti akasowa pamunda nthawi yowokera, banja lake limachotsedwa pa esiteti, ndipo kwawo n'kutali. Komanso ndikanasanduka chimene anandinenera chija: munthu wobwera ndi kamera, wofunsa mayina, n'kukawapereka.

Sindinapite. Tiyamike anakhala nthawi yaitali osabwera kudzandiona.

A Mkandawire anamvetsera nkhani yonse, kenako anatenga khadi lotuwa pa tebulo lawo n'kuliyang'ana ngati akuliona koyamba.

"Zaka zonsezi sindinaganizepo kuti limaoneka chonchi," anatero. "Kuyambira lero, musanakweze kamera, munthu adziwe chimene mukuchita ndi nkhope yake."

Anandipatsa nthawi ina, ndipo ntchito yomaliza ndinaichita pa mpira wamanja wa amayi a kumpingo kwathu. Ndinakhoza, ngakhale osati bwino kwenikweni.

Mvula itagwa, Lamulungu lina ndikutuluka m'tchalitchi ndinapeza Lameki ndi Fanuwelo ataima patali pansi pa mtengo, zipewa zili m'manja. Lameki ndiye analankhula. Anati ankayembekezera galimoto ya apolisi tsiku ndi tsiku, koma sinabwere, ndipo anamvetsa chifukwa chake. Fanuwelo sanakweze maso. Anangoti, "Bambo, kodi palibe njira ina yoitsukira?" Ndinamuuza kuti palibe. Anagwedeza mutu, misozi ikutsika pa chipsera chija. Fodya atagulitsidwa chaka chimenecho anachoka onse awiri, ndipo sindinawaonenso.

Ndajambula zaka zambiri chichokereni pamenepo: maukwati, ubatizo, mipira ya kusukulu. Filimu inatha ntchito, tsopano chithunzi chimaoneka pomwepo. Koma mpaka lero sindikweza kamera ndisanakhale pansi ndi munthu. Ndimamuuza kumene chithunzi chikupita ndi amene adzachione. Ngati ndatenga khadi lotuwa, ndimamupatsa aligwire, alitembenuze yekha. Ndipo chithunzi cha munthu wodwala ndimakachitsukitsa papepala sabata yomweyo.

Zidzukulu zanga zimafunsa kuti agogo awo aakazi ankaoneka bwanji. Ndimanena kuti anali ndi mpata pakati pa mano, ndipo ankaseka dzanja lili pakamwa. Chaka chilichonse ndimapeza kuti zimene ndingathe kunena zikucheperachepera. Tiyamike nkhaniyi safuna kuimva, ndipo sindimukakamiza, pakuti anali amayi ake.

Koma anyamata a pa chigafa aja, ine ndinawakhululukira.