Gilibati Aperekeza Mlendo

Gilibati atabwerako ku Holland, kumene anakaphunzira za ulimi wothirira, anthu a pa Mitundu anaona kuti mnyamatayo wanenepa bwino koma mwambo anausiya m'ndege. Ankayenda mwandawala ngati wauzidwa kuti nyumba ikupsa. Moni ankapereka umodzi kwa gulu lonse. Munthu akati ayi, iye ankamva kuti ndi ayi basi.

Anthu ankangoseka nazo, mpaka pamene anafunsira Everlyn, mphunzitsi wa ku Nathenje. Eni mbumba anali malume ake a mtsikanayo, a Lackson, ndipo popanda iwo kuvomera panalibe ukwati. Loweruka lina anapalasa njinga kudzamuona mnyamatayo.

Gilibati anawafunsa ngati angamwe tiyi. A Lackson, poti ndi munthu woleredwa bwino, anati asavutike. Gilibati sanavutikedi. Anadzithirira yekha, n'kumamwa uku akuwafotokozera za mapampu a madzi. A Lackson atatsanzika, Gilibati anawagwira chanza pakhomo pomwepo n'kutseka chitseko.

Madzulo Everlyn anaimba foni akulira. Malume akuti munthu wosaperekeza mlendo sangasunge mwana wawo. Mlongo wake wa Gilibati, Jenipher, anamukhazika pansi n'kumuphunzitsanso ngati mwana: mlendo safunsidwa, akakana ndiye kuti akufuna, ndipo pomuperekeza umamukankhira njinga. Gilibati anamvetsera ngati mawa lake kuli mayeso.

Everlyn anachonderera mpaka malume anabweranso. Ulendo uno anamwetsedwa tiyi ndi mbatata mpaka kumasula lamba. Potsanzika, Gilibati analanda njinga n'kutsogola.

Atapitirira msika, a Lackson anathokoza n'kunena kuti abwerere pomwepo. Gilibati anamwetulira. Ameneyu ndi ayi wa kwathu, anatero mumtima, n'kugwiritsa mahandulo. Anadutsa zigayo, anadutsa minda ya fodya, anawoloka dambo. A Lackson anatinso abwerere, ntchito zikumudikira. Gilibati anati palibe ntchito yoposa malume. Akabaza ankaima kufunsa ngati njinga yaphwa, iye n'kumawayankha monyadira kuti ayi, akuperekeza mlendo.

Dzuwa linafika paliwombo. A Lackson anali atavala nsapato zopitira ku tchalitchi, zothina, zimene sizinayendepo ulendo wapansi. Anayamba kutsimphina. Kulanda njinga m'manja mwa munthu amene akukuchitira ulemu sakanatha. Nawonso mapazi a Gilibati anali kuyaka moto, koma nkhope ya Everlyn inkamubwerera, ndiye ankangokankhabe.

Pansi pa mtengo wa mango wina, a Lackson anangokhala pansi n'kuvula nsapato. Anayang'ana matuza awo, kenako anayang'ana mnyamatayo.

"Achimwene, kodi mukufuna chiyani kwenikweni?"

"Everlyn, malume."

"Mtengeni. Ankhoswe anu abwere Loweruka likudzali. Koma njingayo ndipatseni."

Gilibati anazengereza, osadziwa ngati awanso ndi mawu aulemu chabe. Anafunsa ngati sikungakhale bwino kuti awafikitse ndithu pakhomo.

"Mukandifikitsa pakhomo, ndiye kuti inenso ndikuperekezani pobwerera. Mukufuna mundiphe ukwati usanachitike?"

Apa Gilibati anasiya mahandulo. A Lackson anamangirira nsapato pakaliyala, anakwera chopanda nsapato, n'kupalasa osacheuka. Gilibati anakhala pansi pa mango paja, naimbira Everlyn kuti ayambe kufunafuna telala.